Amayi akanizidwa kulembetsa voti ku Canongola

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera kolembetsa mavoti ndi amayi. Wolemba mayina atamva Chinyanja chawo wati, "Inu ndi a ku Malawi, kavoteni kwanu."

Amayi sanakuwe. Amasula mfundo ya kapulana yawo, chitenje chija, n'kutulutsa makartau, makhadi onse ovotera kuyambira chibwerere kothawa nkhondo, n'kuwayala pa meza pamaso pake.

Ati, "Mwanawe, ku Malawi tinangothawirako, mchombo wanga uli ku Angónia, m'dziko lomwe lino. Iwe unalembedwa ntchito ndi boma, koma bomalo ndinalilemba ntchito ndine, ndi chala ichi."

Wolemba mayina uja wauma mutu, akuti tibwere mawa ndi mboni ziwiri.

Ziwiri? Ine ndikuti tipite banja lonse, atiwerenge yekha. Amalume, mukuti bwanji?