Moni wa azakhali ku Chilwa

Ndinali ndi zaka khumi pamene uthenga unafika kuesiteti ya tiyi kumene tinkakhala, woti azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, akudwala kunyanja ya Chilwa. Masiku amenewo dera lonse la Phalombe linali m'boma la Mulanje. Bambo anapempha masiku awiri kwa kapitawo, ndipo poti sukulu inali yotseka, ananditenga.

Tinakwera lole mpaka ku Phalombe, kenaka tinayenda wapansi mpaka pamene nthaka inayamba kufewa. Ine ndinkayembekeza kuona madzi aakulu, koma ndinangoona bango ndi njedza kufika polekezera maso. Pakati pake panali ngalande imene asodzi anaitema ndi zikwanje, yongokwana bwato limodzi. Mwini bwato, a Saidi, ankakankha ndi nsungwi yaitali ataima kumbuyo. Madzi anali otuwa ngati phala, onunkha matope, ndipo bango linkatikwapula m'mapewa. Ine mtima unali pa diresi langa la kusukulu, limene ndinakakamira kuvala kuti anthu akunyanja adziwe kuti kwabwera wophunzira.

Ngalandeyo inakathera pa katauni kakang'ono m'mbali mwa nyanja. Panali sitolo ziwiri, mzikiti wofolera udzu, telala pakhonde, ndi matemba oyanikidwa paliponse, moti poyenda tinkachita kusankha poponda. Azakhali tinawapeza pamkeka, pakhonde la nyumba yawo, miyendo itatupa. Atandiona anatambasula manja onse awiri.

"Muli phama?" anandifunsa.

Umenewu ndi moni wa Chilhomwe, ndipo yankho lake ndinkalidziwa, chifukwa bambo ndi mayi ankayankhula chomwecho m'nyumba. Koma kusukulu anzathu ankatitcha Anguru n'kumatiyeserera kayankhulidwe, mpaka ndinalumbira kuti pagulu sindidzachiyankhulanso. Apa n'kuti ana a m'katauniko atatizungulira, akuyang'ana diresi langa. Ndinaima chilili, osagwada, n'kuyankha m'Chingerezi cha m'buku loyamba.

Bambo anayang'ana pansi. Azakhali anabweza manja awo pang'onopang'ono, n'kuuza bambo m'Chilhomwe, ngati kuti sindikumva: "Usamuvutitse. Mwana waphunzira. Ndiyesa ndine."

Ndipo anayesadi. Moyo wawo wonse anakhala pakati pa Alhomwe anzawo, moti Chinyanja chinkawalemera m'kamwa. Madzulo onse anali kalikiliki kusaka mawu. "Iwe kudya. Nsomba wabwino," ankatero, uku akundichotsera minga m'mlamba wowamba. Ana aja ankaseka ali kuseri kwa nkhokwe, azakhali n'kumaseka nawo. Bambo anafunditsa madzi n'kuyamba kuwathowa miyendo azakhaliwo.

M'mawa mwake tinatsazika. Ndinangogwedeza mutu n'kuthamangira kubwato.

Tili mkati mwa ngalande, katauni katabisika ndi bango, bambo anayamba kuyankhula, maso ali pamadzi.

"Esitere, pamene tinkachoka kwa Apwitikizi, azakhali ako anali msinkhu wakowu. Amayi athu anamwalira panjira. Azakhali akowo ndiwo anandibereka kumsana kuchokera kuseri kwa Milanje mpaka kuwoloka mtsinje wa Muloza. Katundu analibe, ngakhale mphika. Chimene anabwera nacho ndi ine, ndi chinenero chimene unakana dzulo chija."

Kenaka anawonjeza kuti, "Ana aja amawaseka chifukwa cha iwe. Kodi unawamva akudandaula?"

Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Ndinalira mpaka chifuwa kuwawa.

"Bambo, tibwerere."

"Lole itisiya, mwanawe. Mawa ndikufunika kuntchito."

"Chonde, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anacheukira a Saidi. "Achimwene, zingatheke?"

"Bwato silingatembenuke muno, pachepa," anayankha a Saidi. "Koma palibe kanthu, nditembenuka ndine. Weramani." Anatilumpha mosamala, bwato likugwedezeka, n'kukaima kutsogolo, n'kuyamba kukankhira kumene tinachokera.

Azakhali tinawapeza pomwe paja, akuwothera dzuwa. Ana aja analiponso. Ndinagwada m'fumbi, osasamalanso za diresi, n'kuwapatsa moni m'Chilhomwe. Sanadabwe konse. Anandikokera pachifuwa chawo, chimene chinkanunkha utsi wa nsomba, n'kunena kuti, "Ndinadziwa kuti ukumva. Maso ako amayankha pamene pakamwa pali potseka."

Tinacheza tsiku lonse, ndipo sizinali nkhani zazikulu. Anafunsa ngati mayi akulimabe nandolo kuseri kwa nyumba, ngati kuphiri kumazizirabe, ndiponso ngati aphunzitsi amamenya. Ndikalakwitsa mawu ankandikonza akuseka. Anandituma kukagula mchere kusitolo, ndipo pobwera ndinaima kwa telala kuonerera makina, kenaka ndinakafika pamene bango linathera, n'kuiona nyanja yeniyeni kwa nthawi yoyamba, yoyera mbee, mabwato ali ngati timitengo. Nditawauza, anati kuyambira pamene miyendo inatupa sanaionenso, choncho ndiwafotokozere zonse, ndisasiyeko kanthu.

Lole inatisiyadi. Tinayenda ulendo wautali wapansi, ndipo bambo anakalipiridwa ndi kapitawo pamaso pa anzawo. Sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Azakhali anamwalira mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho.

Ndakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndipo ndaona ana ochuluka akuchita manyazi ndi makolo awo pakhomo la sukulu. Sindiwakalipira. Ndikudziwa tsopano kuti mwana wamanyazi sazindikira kuti manyazi akewo pali wina amene akumusenzera, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene amamukonda koposa. Chimene ndimachita n'kutuluka m'kalasi, kugwada, n'kumupatsa kholo lija moni m'chinenero chake, mwanayo akuona. Ambiri sapeza mwayi wobwerera nthawi ikadalipo. Ine ndinaupeza, chifukwa bambo analolera kukalipiridwa kuti mwana wawo akapereke moni.