Chala Changa Chinathera pa Mashiti a Chipatala

Inu owerenga, cholakwa changa chinali ulemu. Tsiku lina munthu amene akanatha kundipulumutsa anaima patsogolo panga n'kundifunsa ngati ndikukhala bwino, ndipo ine, nditagwada monga mwana woleredwa bwino, ndinayankha kuti ndili bwino. Bodza limenelo ndimanong'oneza nalo bondo mpaka lero. Ndikukuuzani izi kuti wina wa inu asadzavomere zimene ndinavomera ine.

Munali mu 1994. Bambo anali atangomwalira kwathu ku Katete, nkhokwe zilibe kanthu. Pamaliro panabwera azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene ankakhala ku Chongwe. Anali mayi wathupi lake, woseka mokweza, ndipo ankanditchula kuti "amama" chifukwa ndinapatsidwa dzina la mayi awo. Anauza amayi kuti anditenga akandipezere ntchito ya kuchipatala. Amayi anawomba m'manja kuthokoza. Ine m'basi monse ndinkadziona nditavala yunifolomu yoyera ndi kachipewa pamutu, ine amene sukulu ndinalekezera giredi 7.

Ntchito ya kuchipatala inalipodi, koma kuseri kwa nyumba ya azakhali. Kampani ina ya ku Lusaka, yomwe inali ndi zipatala zolipiritsa, inawapatsa ntchito yochapa mashiti a pabedi, matawulo ndi zovala za odwala. Ndinapezako atsikana ena awiri ochokera kwathu komweko, nawonso otchedwa ana a m'nyumba. Tinkatunga madzi, kuwiritsa m'migolo, kunyika mashiti a magazi mu jiki, kuchapa ndi kufinya ndi manja osavala kanthu, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Zikauma, inali nthawi ya simbi ya makala.

Za malipiro azakhali ankati akutisungira, komanso mwana safunsa malipiro m'nyumba ya makolo ake. Mareji athu, zitupa zija za boma, anatsekera m'sutikesi mwawo, ati kuti zingasowe. Akamapita kumsika ankakhoma geti ndi loko, ati kuopa anyamata a pa Chongwe. Kutchalitchi tinkapita nawo limodzi, kubwerera nawo limodzi.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Lamlungu masana ankandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kumandiluka tsitsi, akuimba nyimbo za kwaya. Nditadwala malungo anagona pansi pambali panga. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba inali yanga, poti ndine amama awo. N'chifukwa chake sindinkadziwa n'komwe dzina la zimene zinkandichitikira. Munthu wokumenya umadziwa kuti uyenera kumuthawa. Nanga wokuluka tsitsi ungamuthawe bwanji? Koma manja anga ankatha. Khungu linasupuka, m'mipata ya zala munang'ambika, moti kamchere kakangondikhudza ndinkalumpha.

Munthu wakunja amene tinkacheza naye anali mmodzi yekha, dalaivala wa kampaniyo, Ba Mulenga, Mubemba wa imvi ndi kamimba kake. Iwo ndiwo ankabweretsa zakuda n'kutenga zoyera. Kwa amene simudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Mbuya wako angathe kukunyoza, kukulanda chipewa, kukupaka ufa pamaliro, ndipo iwe suyenera kukwiya. Ukakwiya, wochita manyazi ndiwe. Akangotsika m'vani ankakuwa kuti, "Shani, badya mbeba? Lelo mwagwira zingati?" Ine ndinkabweza kuti, "Nanga imwe, kolwe mwamusiya kuti?" Mbeba ndi mbewa, zimene amatinena nazo ife, ndipo kolwe ndi pusi, nyama imene timawanena kuti amadya kwawo. Ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumauza aliyense kuti ine ndine mkazi wawo wachiwiri. Kuseka kwanga konse kwa sabata kunali pamenepo.

Tsono kampani inatuma a Sisita oyang'anira anamwino kuti adzaone kumene zovala za odwala zimachapidwira. Uthenga unafika nthawi ikadalipo. Azakhali anatigulira zitenje zatsopano, ndipo m'mawa wa tsikulo anatulutsa magolovesi amene tinali tisanawaonepo. A Sisitawo anali munthu wabwino. Ananunkhiza mashiti, anasuzumira m'migolo, anayamikira ukhondo. Kenako anatembenukira kwa ine, azakhali ali chiimire pambali pawo, n'kufunsa kuti, "Munkhala bwino pano? Bakusungani bwino?" Azakhali anathamangira kuyankha kuti awa ndi ana awo, koma a Sisita anadikirabe yankho langa.

Inu owerenga, zonena ndinali nazo. Koma ndani angayalutse mlongo wa bambo ake pamaso pa mlendo? Ndinagwada, manja ali m'magolovesi, n'kunena kuti, "Tili chabe bwino, ba Sisita." A Sisita anakwera galimoto atapatsidwa maungu a m'munda. Magolovesi anabwerera m'sutikesi dzuwa lisanalowe.

Sipanapite nthawi, ndikufinya shiti ina, singano ya jekeseni imene inaiwalidwa m'katimo inandibaya chala cha mkombaphala cha kudzanja lamanja. Poti khungu linali long'ambika kale, bala silinachedwe kukula. Chala chinatupa, chinayamba kuda, mwanabere anatuluka m'khwapa. Ndinapempha kuti anditengere kukiliniki ya pa boma. Azakhali anati kumeneko akandifunsa zambiri. Anachinyika m'madzi a mchere, anamanga kansanza, akundisisita kumutu n'kumati amama musalire. Ndinapitiriza kuchapa ndi dzanja limodzi. Ndinkaopa kwambiri, chifukwa masiku amenewo tinkaika m'manda anzathu ambiri ndi matenda aja a m'magazi, ndipo singanoyo sindinkadziwa kuti inachokera m'thupi mwa yani.

Ba Mulenga atabwera anakuwa za mbewa zawo zija, ine osayankha. Dzanja ndinali nditalibisa m'chitenje. Anandiyandikira n'kunena kuti, "Mukazi wanga, wakalipa chani lelo? Leta kwanja nione." Mwamuna wina aliyense sakanayerekeza kugwira mtsikana pamaso pa azakhali ake, koma mbuya saletsedwa. Anakoka dzanjalo n'kumasula kansanza kaja. Fungo lake linawabweza mutu. Ndinaona kuseka kukuchoka m'maso mwawo, koma pakamwa anakusiyapo dala.

Anatembenukira kwa azakhali n'kukweza mawu kuti ndi odutsa mumsewu omwe amve: "Imwe bakum'mawa, mbeba mwasiliza, manje mwayamba kuocha bana? Uyu mukazi wanga namutenga lelo. Na reji yake munipase, nifuna tikakwatirane ku boma!" Anthu anaima pageti akuseka, ena akuchemerera kuti mbuya wanena. Azakhali anaseka nawo, koma chiseko chouma. Akanakalipa, anthu akanati mayi wamkulu chotere sadziwa chimbuya. Akanakana, akanafunsidwa chifukwa chake, dzanja langa lili poyera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi reji yanga. Ndinakwera m'vani ndi chitenje chomwe ndinavalacho basi. Titangolowa mumsewu waukulu wa ku Lusaka, Ba Mulenga anasiya nthabwala. Njira yonse ankangopukuta m'maso ndi chipewa.

Chala sichinapulumuke. Kuchipatala cha kampaniyo, kumene Ba Mulenga ananditengera, anachidula tsiku lomwelo, ndipo adokotala anati tikanachedwa pang'ono, likanapita dzanja lonse. Anandipima magazi, ndipo mwa chisomo cha Mulungu anapezeka abwino. A Sisita aja atandizindikira anakhala pabedi panga n'kufunsa chifukwa chimene sindinawauzire. Ndinawayankha kuti anandifunsa azakhali ali pomwepo. Pamenepo anangondigwira dzanja lamanzere.

Iwo ndiwo anakadzudzula akuluakulu a kampani kuti akungoyang'ana kuyera kwa nsalu, osadziwa kuti akuchapa ndani. Kuyambira pamenepo ankapita mosalengeza kwa ochapa, kwa olima ndiwo za odwala, ngakhale kwa otentha makala a kukhitchini, ndipo wantchito aliyense ankamufunsa payekha. Anamwino nawo anauzidwa kuti azikung'untha mashiti asanawamange mtolo. Anzanga awiri aja analandira mareji awo ndi malipiro m'manja mwawo. Mmodzi anabwerera kwawo, wina anatsala mwa kufuna kwake. Ine nditachira anandilemba ntchito yopinda ndi kusunga zovala pachipatala pomwepo.

Azakhali anabwera kudzandiona atanyamula phala la nsinjiro m'kabakuli. Analira, inenso ndinalira. Mpaka imfa yawo sanavomere kuti analakwa, ankangoti anatisunga pa nthawi ya njala. Ndinkawakonda, ndipo ndimawakumbukirabe ndi chikondi, koma sindinagonenso m'nyumba mwawo. Ndinakachirira kwa Ba Mulenga, akazi awo akundisambitsa ndi kundiveka, kwinaku akudandaulira oyandikana nawo kuti awabweretsera mkazi mnzawo waulesi.

Ba Mulenga anatisiya mu 1999. Pamaliro a Mubemba, ife a kum'mawa ndiye ophika, okumba manda ndi oseketsa anamfedwa, ndipo mbuya salira pagulu. Ndinatapa ufa ndi zala zanga zinayi n'kupaka ana awo kumaso. Ndinaima pambali pa bokosi n'kuwakalipira kuti ulesi wawakulira, munthu wamkulu kugona masana anzake akugwira ntchito. Anthu anaseka, ngakhale akazi awo anamwetulira m'misozi. Kenako ndinazembera kuseri kwa nyumba, ndinalira mpaka mawu anatha. Bambo anandibala, koma bambo uyu anandiwombola.

Tsono inu atsikana ndi anyamata amene mwatengedwa ndi achibale kuti akakupezereni ntchito, mverani ine. Ngati chitupa chanu chili m'sutikesi ya wina, ngati geti limakhomedwa inu muli m'kati, ngati mukadwala amaopa kukutengerani kuchipatala, umenewo ndi ukapolo, ngakhale wokuchitaniyo atamakuitanani ndi dzina lokoma. Yankhulani. Ulemu kwa akulu ndi wabwino, koma usakutsekeni pakamwa thupi lanu likuwola. Si aliyense adzakhale ndi mwayi wa mbuya wolimba mtima ngati amene ndinali naye ine. Inunso makolo, mwana akapita kwa m'bale musangodikira uthenga wochokera kwa m'baleyo. Kwerani basi mukamuone nokha.

Ndipo inu a zipatala, amene mumagula ndi kuchapitsa zinthu za odwala kunja kwa mpanda wanu, musachiritse ena mukuvulaza ena. Pitani osanena tsiku. Mutengereni pambali wantchitoyo, kutali ndi amene amamudyetsa, mumufunse mofatsa ngati angathe kuchoka atafuna. Ine akanandifunsa ndili ndekha, bwenzi nkhani ino ndalemba ndi dzanja langa, osachita kupempha mwana wanga kuti andigwirire cholembera.