Manja Ochapa Majezi a Mphezi United

Ku Mtendere mukafunsa za Mainess Njobvu, anthu amangoyang'anizana. Koma mukati Amake Given a majezi, ngakhale wogulitsa makala pamsika akulozerani nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa chigayo. Kwa zaka zambiri waya wa pakhomo pamenepo unkakhala wachikasu wokhawokha pakati pa sabata, majezi a Mphezi United atayanikidwa motsatira manambala, ya kipa yakuda ili kumapeto.

Mainess anachokera ku Katete ali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akugwira ntchito m'nyumba za anthu. Za mpira anazilowa chifukwa cha mwana wake Given, amene ankasewera kumbuyo m'timuyo. Tsiku lina Given anabwera ndi jezi yake yamatope, sabata yotsatira anabwera ndi ya mnzake wopanda mayi, ndipo mvula isanathe thumba lonse la timu linkagona kwa Mainess. Kenako Given anapita ku Solwezi kukafuna ntchito, nakwatira komweko. Thumba linatsala. Nawonso mpira unali utamulowa m'magazi mayiyo. Lamlungu lililonse akatuluka m'chalichi ankavula bulauzi yoyera ya Chigwirizano cha amayi, n'kuvala malaya a manja aatali, n'kukaima kuseri kwa golo ndi ambulera yake, poti khungu lake silinkagwirizana ndi dzuwa.

Khungu limenelo linamuvutitsa kuyambira ubwana. Mafuta onunkhira ankamutulutsa totupa, ndolo za pamsika zinkamuwotcha makutu, ngakhale kolala ya diresi latsopano inkamusiyira mzere wofiira m'khosi. Anazolowera kukhala ndi vaselini wopanda fungo m'chikwama monga ena amakhalira ndi mpango. Koma atapitirira zaka makumi asanu manja anayamba kukana sopo. Zala zinkauma n'kung'aluka m'mfundo, pakati pa zala pankanyowa, ndipo poyabwa pankafika poti ankakhuza manja pakhoma. Matope a pabwalo la Mtendere ndi ofiira, sachoka ndi mawu okoma. Amafuna sopo wamphamvu wabuluu uja, ndi kufikisa masokosi mpaka mapewa atalema.

Ku Ibex Hill, kumene ankagwira ntchito kwa Mayi Luyando, kunali makina ochapira, choncho manja ankapumulako. Kumeneko ndi kumene anapeza buku lake. Linali m'katoni ya zotaya, lachingerezi, lopanda chikuto, lonena mbiri ya Aroma akale. Mainess anali atawerenga kalata ya Paulo kwa Aroma kambirimbiri osadziwa kuti anthuwo ankadya chiyani, ankaopa chiyani. Analipempha. Sukulu analekera fomu 2, choncho ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, nthawi yopuma masana atakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa khitchini. Mayina a mafumu ankamusokoneza, onse ankangophana. Chimene ankakonda ndi masamba onena za anthu wamba, ophika buledi, otunga madzi, ochapa.

Mayi Luyando atabereka mwana wamkazi, Luse, m'nyumbamo munasintha. Tsiku lina Mainess anatambasula manja kuti alandire khandalo, ndipo mayi wake anabwerera m'mbuyo pang'ono asanaganize n'komwe.

"Ba Mainess, musanimvere kuipa," anatero. "Manja aya niyopa. Mwana akali muteke."

"Sivopatsirana, madamu. Ku kiliniki bananiuza."

"Niziba. Koma onani, pachoka magazi apa. Ine nibwerera ku nchito mwezi wa mawa. Nifuna munthu wonyamula Luse, wosambika, wodyesa. Sininga kwanise bantu babili. Ngati siyapola, nizachita bwanji?"

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Mainess anabisa manja m'epuloni. Pa msinkhu wakewo, ndani akanamulembanso ntchito?

Nesi wa ku kiliniki anali atanena kale mosabisa: mafuta awa azigwira ntchito pokhapokha sopo uja mutamusiyiratu. Mainess anayesa magolovesi a mphira, koma thukuta la m'kati linapsereza zala kuposa sopoyo. Ndiye anakumbukira tsamba lina la m'buku mwake, pamene panali chithunzi cha ochapa a ku Roma ataimirira m'mabeseni, akupondaponda zovala ndi mapazi. Zina zimene ankathiramo m'madzimo sizoyenera kuzitchula pagulu, koma nzeru ya mapaziyo anaikonda. Anatseka chitseko kuti aneba asamuseke, nakwinya chitenje, n'kulowa m'bafa. Majezi anayera ndithu. Koma mapazi nawo ndi khungu lomwelo. Sabata imeneyo anayenda ulendo wa ku Ibex ngati woponda minga, zidendene zili moto m'nsapato.

Panalibenso china koma kukalankhula ndi a Josiah, kochi wa timu, amene pakati pa sabata amawotcherera mageti pafupi ndi msika. Anawapeza ali ndi Chabwera, kipa wa Mphezi, mnyamata wamtali woyendetsa minibasi.

"Ba Kochi, nabwera kutula katundu. Majezi sinizachapanso."

A Josiah anakweza magalasi akuda pamphumi. "Amake Given, mwadwala mutu? Yasala magemu yabili tikwere divishoni."

Mainess anawaonetsa manja. Chabwera anayang'ana kumbali.

"Iyee, pepani mayo," anatero a Josiah, ndipo ankanenadi zoona. "Tizagula mafuta. Tizasonkha. Koma majezi, awe. Mukumbukira pamene munayenda ku maliro ku Katete? Anachapa mukazi wanga. Banatichaya faifi!"

"Banakuchayani chifukwa uyu anali na babalazi ya moba," anatero Mainess akuloza Chabwera.

"Ah, mami, iyo ni nkhani yakudala," Chabwera anaseka. "Ine nikavala jezi yamene mwachapa imwe, bola imanikonda. Imabwera yeka m'manja."

Nkhani imeneyi Mainess ankaidziwa, ndipo inkamunyansa. Anyamata ankanena kuti manja ake ali ndi mwayi. Matimu ena amakwirira zinthu pagolo kapena kulowa m'bwalo chobwerera m'mbuyo, koma a Mphezi ankanyadira kuti iwo mankhwala awo ndi mayi wa Chigwirizano. Iye anali asanathirepo kanthu m'madzi koma sopo. Anakhala pa benchi, chifukwa mapazi ankawawa, nawauza zimene anawerenga.

"Mverani. Aroma bakudala, bakalibe kuyenda ku nkhondo, banali kusunga nkhuku mu kachitele. Baziponyera chakudya. Zikadya maningi, ati tizawina. Zikakana, ati osayenda. Bantu bakulubakulu, bomanga misewu na manyumba ya myala, kumvera nkhuku! Siku ina mukulu wa nkhondo ya pamanzi anaona nkhuku zakana kudya. Anakalipa, ati ngati sizifuna kudya zimwe, anaziponya mu nyanja. Manje imwe mwanisandusa nkhuku yanu, ine munthu wobatizika?"

A Josiah anali atatchera khutu. "Nanga nkhondo yamene iyo inayenda bwanji?"

Mainess anazengereza. Kunama sakanatha.

"Analuza."

"Mwaona!" a Josiah anamenya chitsulo ndi dzanja. "Mwaona! Anataya nkhuku, analuza! Ni vamene nikamba ine! Na buku yanu ivomekeza!"

Chabwera anaseka mpaka kugwira pamimba. Mainess sanaseke. Anamva kutopa kumene sikuthera pogona. Anaimirira, nakonza chitenje.

"Thumba ili pakhomo panga. Mutume munthu akatenge. Nasankha nchito yanga."

A Josiah anatumadi munthu, koma osati tsiku lomwelo. Anadikira mpaka Lachisanu, poganiza kuti mayiyo afewa mtima akamaliona thumbalo. Iye ankalilambalala potuluka ndi polowa, fungo la thukuta ndi matope likukula. Kangapo anapezeka ataima pafupi nalo, akuganiza kuti kuchapa komaliza kamodzi kokha sikungaphe munthu. Kenako ankayang'ana zala zake, zimene zinali zitayamba kutseka ming'alu, n'kulowa m'nyumba.

Lamlungu limenelo Mphezi inasewera ndi timu ya ku komboni ya George. Aliyense anachapa jezi yake, ndipo zinkaoneka: ena achikasu, ena ngati dzungu, masokosi osiyana. Mainess anaima pamalo pake kuseri kwa golo. Sanapempherepo za mpira chibadwire, poti ankaona kuti Mulungu ali ndi zambiri zoti amve, koma tsiku limenelo milomo yake inkagwedezeka. Ankafuna apambane, kuti aone okha kuti m'manja mwake munalibe kanthu.

Anyamata a Mphezi anasewera bwino. Anamenya mtengo wa golo kawiri. Chakumapeto mpira wofooka, woti ngakhale nkhalamba ikanaugwira, unadunda pa kamwala n'kudutsa pakati pa miyendo ya Chabwera. Anthu a ku George anathamangira m'bwalo akuvina. Chabwera anatola mpira mu ukonde, ndipo podzuka maso ake anakumana ndi a Mainess. Mnyamatayo anangoyang'ana manja amene anagwira ambulera aja.

Wina m'gulu ndiye anafuula. "Amake Given, mwakondwera manje?"

"Banagulisa timu!" anawonjeza wina, ndipo ena anaseka, ena ayi.

A Josiah anawakalipira anthuwo, koma pochoka anadutsa njira ina. Gemu yotsatira Mphezi inafanana mphamvu ndi anzawo, ndipo divishoni ija inapita kwa ena. Mainess sanaione gemu imeneyo.

Manja anapola, ngakhale osati onse. Khungu linatsala lopyapyala ndi lonyezimira ngati pepala la switi, ndipo nyengo yozizira chala chachikulu chimang'alukabe. Mayi Luyando anawatembenuza uku ndi uku pawindo, ngati munthu wosankha nsalu, kenako anatenga Luse n'kumuika m'manjamo. Ntchito inatsala. Masiku ano Mainess amasambitsa mwanayo ndi sopo wa makanda, yekhayo amene khungu la mayiyo limamulola, ndipo amati iye ndi Luse ndi odwala a dokotala mmodzi.

Chabwera akamuona pamsewu amaimitsa minibasi n'kumukweza ulere, koma nkhani zawo zimathera pa mvula ndi mtengo wa mafuta. A Josiah amapereka moni waulemu. Majezi tsopano amachapidwa ndi mlongo wa wosewera wina, ndipo timu imapambana ndi kugonja monga inkachitira kale, koma palibe amene anabwera kudzanena zimenezo pakhomo pa Mainess. Given anaimba foni kuchokera ku Solwezi n'kunena kuti, "Munachita bwino, amai, bantu baja sibayamika." Mayi wake anavomera, ngakhale kuyamikako si kumene ankakusowa.

Kubwalo sanabwererekonso. Palibe anamuletsa. Amangoti miyendo yatopa, ndipo n'zoona. Lamlungu masana amakhala pamthunzi pakhomo pake, atapaka mafuta m'manja, buku lili pamiyendo. Wafika pamene ufumu uja unayamba kugawanika, ndipo masamba ake ndi otopetsa, odzaza mayina a anthu olanda mipando. Bwalo silili patali. Phokoso limafika lonse, ndipo iye amalidziwa monga mayi amadziwira kulira kwa mwana wake: mkuwo waufupi wa mpira wophonya, kung'ung'udza kodandaula ndi refa, chete wa pamene alendo agoletsa. Mphezi ikamaukira, chala chake chimaima pamzere umodzi, osasuntha, mpaka phokosolo litamuuza mmene zathera.