Napolo wa agogo Jeremasi

Fungo la mwaye wonyowa limandibwezera pakhonde pa agogo anga aamuna ku Chezi, m'mawa wa chisanu, nkhungu isanachoke m'mapiri. Ankapala mwaye kudenga la khitchini, n'kuusungunula ndi utomoni m'kabotolo, kenako n'kusongola nthenga ya nkhanga ndi lumo uku fodya akuuma m'chigafa. Mapepala awo anali a matumba a simenti, ndipo ntchito yanga inali kuwakhalira kuti awongoke.

Ali mnyamata, wansembe wina wa ku Italiya anawapatsa buku long'ambika la zojambula za kwawo, zojambulidwa ndi inki zaka mazanamazana zapitazo. Munali chinjoka cha mapiko, mkango wa mutu wa chiwombankhanga, ndi munthu amene kuyambira m'chiuno anali hatchi. Agogo anaphunzira polondola timizere timeneto, mpaka anayamba kujambula zakwathu.

"Taona, mkazi wanga," ankatero pondiseka monga amachitira agogo, "azungu zilombo zawo anazipatsa nkhope. Nanga napolo wathu azingogumula mapiri wopanda womudziwa?"

Napoloyo anawatengera dzinja lonse. Anali ndi mamba ngati makungwa a msuku, miyala ikugubuduzika pamsana pake, ndi maso otopa ngati a ng'ombe yokoka ngolo.

Chaka chimenecho mwana wa amalume Fabiyano, mchimwene wa amayi, anadwala malungo n'kumwalira. Maliro atangotha, amalume anabwera masana ndi anzawo awiri a kumapemphero.

"Bambo, zinthu zanuzi ndi zimene zaitana imfa pakhomo pano."

"Ndi mwaye ndi pepala basi, mwana wanga," agogo anayankha. "Mdzukulu uja ndamulira ngati iwe."

Sanawamvere. Anatulutsa mtolo wonse wa zojambula pansi pa bedi n'kuuponya padzala kuti auwotche. Ine ndinatsomphola napolo n'kumubisa m'diresi, koma amalume anandipotoza dzanja mpaka ndinamusiya. Mudzi wonse unaima n'kumaonerera, ngakhale azimayi amene ana awo agogo ankawajambulira mapu a kusukulu kwaulere. Buku lija amalume sanaliwotche. Anati ndi la abambo a kumishoni, silingakhale ndi ziwanda, ndipo anapita nalo kwawo. Zilombo za azungu zinapulumuka, za bambo wawo wowabereka zikusanduka phulusa!

Agogo sanatukwane. Anatsanulira inki yotsala pansi, n'kutsuka kabotolo, n'kupatsa amayi kuti azisungiramo mchere. Kuchokera tsiku limenelo anthu ankawalambalala panjira, ndipo ana analetsedwa kufika pakhonde pawo. Anakhalabe zaka zambiri akulima mtedza, manja ali oyera, osagwiranso nthenga.

Pa maliro awo, ine ndili kale mayi wa ana awiri, amalume anaimirira kuyankhula m'malo mwa banja. Anapukuta misozi n'kunena kuti, "Tataya munthu waluso la manja, amene Mulungu anamupatsa mphatso yojambula." Anthu omwe aja anavomera kuti, "Zoonadi."

Ndinadzuka pakati pa azimayi n'kufunsa mokweza kuti, "Amalume, tationetsani chimodzi chokha chimene anajambula." Amayi anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, ndipo kwaya inayambitsa nyimbo msangamsanga.

Mpaka lero achibale amati ndinachititsa manyazi mtundu ndipo ndikapepese. Amalume akalamba, ndipo akadwala ndimawaperekeza kuchipatala, kuwapatsa moni ndimagwada ndithu. Koma funso langa lija sanayankhebe, ndipo ine sindinalibweze.