Matope a ku Nkhotakota pa Galimoto ya a Nyirenda

Lolemba m'mawa ndinkatsuka kagalimoto kanga kuno ku Area 25. Nditaona chigalimoto cha aneba anga, a Nyirenda, chili mbuu, matope mpaka m'magalasi, ndinati ndiwathandize. Ndinawolotsa paipi pampanda n'kuyamba kuthira madzi.

Anatuluka akuthamanga, opanda nsapato.

"Iyayi neba, siyani! Anzanga ku ofesi sanaione."

Mwamva? Matope akawaonetse kaye ku ofesi.

Ndiye anayamba kufotokoza. Akuti anatha masiku atatu m'nkhalango ya ku Nkhotakota, m'tinjira ta mchenga ndi matope. Amaphwetsako matayala dala kuti galimoto isatitimire. Amagona mu tenti pamwamba pa galimoto, kuphika pankhuni, kutunga madzi kumtsinje, chimbudzi n'kutchire. Akazi anga, amake Chisomo, ankamvetsera kukamwa kuli yasa.

Abale anga, kodi si moyo womwewu umene tinauthawa kumudzi? Ku Mgona anthu amaphika pankhuni tsiku ndi tsiku, palibe amawajambula. Ku Chinsapo nthawi ya mvula minibasi zimatitimira, okwera n'kutsika kukakankha, ndipo palibe amaimba nthungululu. Koma ukakhala ndi galimoto yokubwezera kunyumba yamagetsi, mavuto omwewo akuti ndi holide.

Musandiyese wanzeru. Ndi nsanje imeneyi, ndipo ikundiwawa zedi. Kagalimoto kanga kamakhula mimba pa hampu iliyonse ya ku Kawale. Ndinadzitonthoza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditasuzumira pawindo la chigalimoto chija, nyerere sindinazione. Munali kafiriji.

Lachitatu Mayi Nyirenda anafika pakhomo.

"Amake Chisomo, mwezi wamawa tikubwererako. Mpando watsala umodzi. Tipitire limodzi?"

Ine ndinatsokomola kuti ndikumbutse anthu kuti ndilipo. Palibe anacheuka.

"Ndipita! Bambo a Chisomo atsala ndi ana," anatero akazi anga.

Pofika Lachisanu anali atabwereka kale nsapato zoyendera m'tchire, akuziyesa m'khonde uku akuimba.

Mayi ameneyu chikwatiranireni amakana kukagona kwathu ku Dowa. Akuti kulibe magetsi, utsi wa nkhuni umawalowa m'maso, chimbudzi chili kutali. Mayi anga anasiya n'kufunsa komwe kuti apongozi awo abwera liti.

Ndiye inu amene mwayendako, tandiuzani: mdima wa ku Nkhotakota uli ndi chiyani chimene mdima wa kwathu ulibe?