Tsiku limene ndinayeza mwana ngati masamba a tiyi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 3, aphunzitsi athu a sayansi, a Makwinja, atatopa nafe. Aliyense akafunsidwa za tsogolo ankati adzakhala kalaliki wa pa esiteti, poti kalaliki ndiye yekhayo amene tinkamuona atavala nsapato zopolisha. Tsono anapangana ndi anamwino a pa kachipatala ka pa esiteti, a Sisitala Namaona, kuti Lachitatu lililonse asanu mwa ife tizikathandiza kusikelo ya ana, mwina wina n'kukopeka ndi ntchito ya chipatala. Ine ndinakweza mkono msangamsanga. Kunena zoona, chinandikopa ndi diresi loyera, osati odwala.

Sikelo ndinkadziona kuti ndimaidziwa. Mayi anga ankathyola tiyi, ndipo pa holide ndinkawapititsira chakudya kumunda. Kumeneko ndinkaona kalaliki akupachika thumba la masamba pa ngowe, n'kuyang'ana muvi, kenaka n'kuchotsera. Masamba akanyowa ndi mame kapena mvula, kilo inkapita, ndipo panalibe wotsutsa. Ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chonyowa sichilembedwa monga muvi wasonyezera.

Ulendo wathu wachitatu kunali chiperoni. Nkhungu inaphimba minda yonse, ndipo fungo la tiyi lochokera kufakitale linasakanikirana ndi la sopo wa kuchipatala. Amayi anapanikizana pakhonde, ana akulira mopikisana. A Sisitala anandisiyira sikelo yopachika pamtanda wa denga, iwo n'kulowa kukabaya katemera. Ndinadzimva ngati dokotala.

Kenaka anafika amake Tadala, mtsikana wondiposa zaka zochepa chabe, wochokera kumalayini a nyumba za antchito kutsidya la damu. Analibe ambulera, ndipo mwanayo juzi yake inali chechecheche madzi. Ndinamupachika, muvi unaima, ine mwaukatswiri wanga ndinachotsera theka la kilo la madziwo n'kulemba m'kabuku kake ka kusikelo.

A Sisitala atatsegula kabukuko anaona mzere watsika. "Mayi, mwanayu mukumudyetsa? Mwezi watha anali bwinobwino," anafunsa, mawu awo akumveka mpaka kunja. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti tsempho. Kwathu kuja mwana akayamba kuonda anthu sankafunsa za phala, ankati mmodzi mwa makolo wayenda njira zolakwika. Amake Tadala anabereka mwana wawo n'kumapita.

Pomwepo ndinazindikira chimene ndachita, koma ndinatseka pakamwa. Ndinaopa kuchotsedwa pagulu lija, ndinaopa kusekedwa ndi anzanga. Mpaka lero ndikaganiza za kukhala chete kumeneko ndimachita manyazi kuposa kulakwitsa kwenikweniko.

Lachisanu madzulo mayi anabwera ndi nkhani ya kumunda. Akuti kwa amake Tadala kwavuta. Apongozi awo akuloza mkazi, mkazi akuloza mwamuna, ndipo katundu wamangidwa kale, mawa mkaziyo akubwerera kwawo ku Khonjeni. Chakudya chinandikanika. Nditaulula, mayi sanandikalipire. Anangoti, "Vala. Tiye."

A Sisitala tinawapeza akutseka. Atamva anayamba kuseka, kenaka kuseka kunawathera. "Iwe Esinati, ndinakuonetsa muvi koma sindinakufunse zimene wabwera nazo m'mutumu. Komanso ine ndinafunsa mayi uja pagulu. Tonse tili ndi mlandu. Mawa sikeloyi unyamula ndiwe."

M'mawa mwake ndinaisenza, kudutsa timinjira toterera ta m'minda, tchire la tiyi likundinyowetsa siketi. Tinaipachika panthambi ya mpeyala kutsogolo kwa nyumba ya amake Tadala. Layini yonse inatuluka, ena misuwachi ili m'kamwa. A Sisitala anandiimika pakati kuti ndifotokoze ndekha, ndipo ndinafotokoza mawu akuchita kutuluka ngati a mwanapiye. Tadala tinamupachika ali wouma, iye n'kumaseka, miyendo ikupalasa m'mwamba. Abambo ake, amene anali alonda a kufakitale, anawerenga muvi okha kawiri. Mwana anali atakwera, sanatsike.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Apongozi aja analowa m'nyumba mwakachetechete. Amake Tadala okha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira, n'kunena motsitsa, "Achemwali, mwana wanga si masamba." Ndinalira pamaso pa layini yonse.

Pagulu la Lachitatu lija sanandichotse. Kwa mwezi wathunthu a Sisitala ankaima pambali panga, ndipo nambala iliyonse ndinkaitchula mokweza ndisanalembe. Apo m'pamene ndinasiya kusirira diresi, ndinayamba kuopa cholembera, n'kuyamba kuikonda ntchitoyi.

Lero ndine namwino pa chipatala china cha kuno ku Chimaliro. Sikelo zathu zimalemba zokha manambala, ndipo za tsempho zimanenedwa motsitsa kuposa kale. Ana a sekondale akabwera kudzaona ntchito yathu, ambiri amadziwa kale dzina la kozi imene akufuna, zomwe ife sitinkazilota. Ndisanawapatse chida chilichonse ndimayamba ndawafunsa ntchito ya makolo awo, ndi mmene zinthu zimayezedwera kwawo. Amadabwa, koma ndimafunsabe.

Banja lija silinathe, ngakhale mawu amene ananenana masiku awiri aja anatenga zaka kuti apole. Amake Tadala anasamukira kuno, ndipo masiku ano amabwera ndi chidzukulu chawo. Timapatsana moni bwinobwino, nthawi zina amanditengera nthochi. Koma ndikaika mwanayo pasikelo, amadzuka pabenchi, amadzaima pambali panga n'kuwerenga okha nambala. Ine ndimasuntha pang'ono kuti aone bwino.