Jumbo ya chimanga siola m'ngalande

Mvula ya Lachitatu lapitali inapeza ngalande yathu ku Imizamo Yethu, dera lathu kuno ku Cape Town, itatsekeka. Madzi otsika kuphiri anasowa kolowera, n'kukhotera m'kanyumba ka malata ka mayi Nyirenda, aneba anga amene amalera okha ana awo. Matiresi, ufa, yunifomu za kusukulu, zonse zinanyowa.

Amuna tinatenga mafosholo. Mukudziwa chimene tinavuula? Majumbo obiriwira, ojambulidwa katsamba pakati, athunthu ngati angotuluka kumene m'sitolo.

Tonse timadziwa kumene amachokera. Amabwera nawo ndi a Chisale, bambo wa kumtunda kwathu amene amalongedza ndiwo zamasamba ku Epping. Miyezi yonseyi akhala akugawira anthu, uku akulalikira kuti awa si pulasitiki wamba, ndi opangidwa kuchokera ku chimanga, ndipo ukataya amaola okha ngati makoko a nthochi. Anthu anangogwira mawu oti "amaola okha", ngalande n'kusanduka dzala.

Nditawaonetsa mulu tinavuulawo, a Chisale anati mwina nthawi yake sinakwane.

"Nthawi yake iti, achimwene?" anafunsa mayi Nyirenda akufinya bulangete. "Ana angawa azigona pati podikira kuti aole?"

Dzuwa lisanalowe a Chisale anatsika atasenza matiresi awo akale, n'kuwasiya pakhomo pa mayiwo.

Musandimve molakwa. Amene anaganiza zopanga pulasitiki kuchokera ku chimanga, chinangwa kapena nzimbe anaganiza bwino, ndipo ine ndikanakonda zitatheka ndi kwathu komwe. A Chisale nawo sananame dala. Anangobwereza zimene anamva kuntchito.

Chikundiwawa n'chakuti opanga majumbowa amalemba mawu okoma ndi zilembo zikuluzikulu, choona n'kuchibisa m'tizilembo tofunika magalasi. Ambiri mwa majumbowa amaola akaikidwa pa mulu waukulu wa manyowa wotentha kwambiri, kumalo okonzedwera ntchito imeneyo. M'madzi ozizira a m'ngalande amangokhala phee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga malo otenthawo ali kuti kwa ife? Kuno ngakhale galimoto yotenga zinyalala sifika m'tinjira tathu tonse. Ndani adzasankhe jumbo ya katsamba pakati pa matewera ndi zitini, n'kuinyamula kupita nayo kumene ikaole?

Koma nafenso, abale anga, tisadziyeretse. Tinamva msanga uthenga wa a Chisale chifukwa ndi umene tinkaufuna. Ulesi wotaya paliponse tinali nawo kale, tinkangosowa wotiuza kuti si tchimo. Ngakhale khoko lenileni la nthochi, munthu wanzeru saliponya m'ngalande yodutsa pakhomo pa mnzake.

Mvula ya ku Cape Town ikadalipo, ndipo madzi sawerenga zolembedwa pa jumbo. Inu okhala kumtunda, musanataye chinthu, munayamba mwafunsapo kuti kumunsi kwanu kumagona ndani?